Mfuti ya Diso Lamanzere

Panali munthu wina, mlimi wa m'tsinde mwa phiri, amene amalume ake pomwalira anamusiyira mfuti. Anzanga, musandidule, nkhaniyi ikundiyabwa pakamwa chiimvereni!

Amalumewo anali mlenje wosaphonya. Choncho mlimiyo anaisamala mfutiyo ndi mantha. Loweruka lililonse ankaipaka mafuta, n'kupukuta mumpope ndi kansalu komangirira kuchingwe. Koma kusintha kanthu, ayi. "Mmene anaisiyira ndi momwemo," ankatero.

Chimanga chitakhwima, anyani anatsika m'phiri. Mlimiyo anawombera, n'kuphonya. Mawa lake anaphonyanso. Anyaniwo anazolowera. Mfuti ikalira ankangosuntha pang'ono, n'kupitiriza kuthyola. Theka la munda linatha, pamene kunyumba kunali ana asanu oyembekezera chimanga chomwecho.

Anati mwina mumpope muli dzimbiri, anapukutanso. Anati mwina mzimu wa amalume wakwiya, anakasesa pamanda. Sizinathandize.

Tsiku lina anajambula kadontho ka makala pathabwa, n'kuwombera katatu. Zipolopolo zonse zinagwera mbali imodzi, patali ndi kadonthoko. Mkazi wa malemuwo, amene ankadutsa ndi mtolo wa nkhuni, anaima n'kuyang'ana mabowowo.

"Kodi mwana wanga, kachitsulo kochalira kali kunsongako unakawongola?"

"Ine ndikhudze chimene anakonza amalume, mayi?"

"Iwe, amalume akowo diso lamanja linali ndi ng'ala. Ankachalira ndi lamanzere, ndiye kachitsuloko anachita kukakhotetsa okha ndi mwala, ine ndikuona. Ukuwombera ndi diso la munthu amene tinamuika m'manda."

Mlimiyo anakhala pansi, n'kuika mfuti pamiyendo. Kenaka anatenga nyundo. Anagogoda kachitsuloko pang'ono, n'kuyesa pathabwa. Anagogodanso, n'kuyesanso. Kachitatu, chipolopolo chinaboola pakati penipeni pa makala aja.

M'mawa mwake mfuti inalira kamodzi kokha. Mtsogoleri wa anyani anagwa, gulu lonse linakwera phiri osabwereranso. Chimanga chotsalacho anakolola, anzanga, anakolola! Ana aja anadya mpaka mvula ina inagwa!

Tsono tamvani. Aliyense wa ife pali chimene analandira kwa akuluakulu, kaya kalimidwe, kaya kapempheredwe, kaya kawerengedwe ka m'mabuku amene anatisiyira achemwali. Tisamale zimenezo, tizipukute ndithu. Koma mukaona kuti mukuphonyera mbali imodzimodzi tsiku ndi tsiku, musathamangire kukasesa pamanda. Funsani amene analipo kuti mwini wake ankaona ndi diso liti. Amalume aja sanasiye kachitsulo kokhota kuti kazilemekezedwa. Anasiya mfuti yoti izidyetsa ana.