Phula la a Dzimbiri M'mapiri a ku Neno

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu kwawo ndi pamphambano ina m'mapiri a ku Neno.

Ku Nsanje kunali bambo wina, a Dzimbiri, mwini njinga yamoto yofiira imene ankaipukuta kuposa nkhope yawo. Anzawo ankawatcha a Safunsa, poti chibadwire sanafunsepo munthu njira. Mwana wawo wamkazi, Tiyanjane, ankakwatiwa Loweruka ku Dedza, ndipo anatumiza mawu: "Ababa, mukapanda kubwera ndikalowa m'tchalitchi ngati wamasiye."

Ananyamuka Lachinayi. Chigwa chouma cha Shire anachidutsa fumbi lili koboo, dzuwa likuswa mtengo. Pofuna kudula mtunda, anasiya msewu wa tala n'kulowa wa m'mapiri. Masana anafika pamphambano, pomwe mayi wina ankagulitsa mbatata pansi pa msuku.

Tsono kumeneko munthu safunsa njira ali pachishalo. Umazimitsa injini, kuvula chisoti, kukhala pansi, kupereka moni mpaka kufunsa za ana, kenako za njira. A Dzimbiri zimenezo anaziona zochedwetsa.

"Ine woyenda mpaka ku Tete, ndikanjutire wogulitsa mbatata?" anatero mumtima, nakhotera njira yotakata.

"Abambo inu! Imeneyotu..." mayi uja anakuwa, koma injini inameza mawu ake.

Njirayo inali ya malole onyamula matabwa, ndipo anasiya kuyendamo kalekale. Inakwera, inatsika, inakweranso, mpaka petulo anatha pakati pa nkhalango. Lachisanu lonse anakankha njinga. Utsi wa mudzi anauona m'munsi mwa phiri, koma manyazi anawagwira. Akayambe bwanji kunena kuti asochera, munthu wamkulu ndi ndevu zake?

Loweruka njala inawapinda. Pansi pa mng'oma wa njuchi anapeza zisa zofinyidwa kale, zotayidwa. Anatola n'kuyamba kutafuna. Phula lokhalokha, lokakamira m'mano, losamezeka.

Ali mkati motafuna, anatulukira mwini mng'omawo atanyamula chigubu.

"Kalanga ine! Abambo, mukudya phula uchi uli pano? Mudzitu ndi uwo, ndipo petulo amagulitsa m'mabotolo."

A Dzimbiri analavula. Ndiye kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anafunsa.

"Achimwene, ku Dedza ndingafike lero?"

Bambo uja anayang'ana dzuwa, napukusa mutu. "Mukanafunsa dzulo, bwenzi mutagona komweko. Lero ayi."

A Dzimbiri anafika ku Dedza Lamulungu, anthu akutsuka miphika ya ukwati. Tiyanjane anawagwadira, anawapatsa moni monga amachitira ndi mlendo aliyense, n'kubwerera kukhitchini. Mtima wa a Dzimbiri unawawa kuposa njala ija.

N'chifukwa chake akulu amati, "Safunsa anadya phula." Wokana kufunsa amavutika thandizo lili pafupi, ndipo zina zimene amataya sizibwereranso. Kufunsa kumangofuna kuti utsike panjinga, ukhale pansi kamphindi.