Kasimbi ka Nthunzi

Kachipinda kositiramo zovala kanali kumapeto kwa khonde lalitali la mashopu, khoma limodzi ndi telala. Dzuwa la m'mawa linkalowera pa zenera limodzi lokha n'kudzagwera pa malaya oyera olendewera pa waya, ndipo kamphepo kakadutsa, malayawo ankagwedezeka ngati anthu opanda mitu amene akumvetsera nyimbo yakutali. M'menemo munkagwira ntchito mayi wina ndi mwana wake wamkazi. Mayiyo anthu ankangowatcha Amayi a Simbi, chifukwa anali atasita zaka makumi awiri osawotchapo kolala ya munthu, ndipo akati nsalu iyi isuluka, inkasulukadi. Mwanayo ankamutcha Namaloto, chifukwa ankatha kuima simbi ili m'malere, maso ali pa nthunzi, mpaka mayi ake atatsokomola.

"Iwe, tsika kumwambako. Malaya a anthu akuzizira."

Namaloto anamaliza sekondale, koma pakamwa pake panali polemera. Kasitomala akalowa, iye ankapeza chochita kuseri kwa mashiti. Mawu ankawakonda akakhala olembedwa, chifukwa mawu olembedwa sakuyang'ana kumaso. N'chifukwa chake tsiku limene anamva za sitolo ina ya pa intaneti, mtima wake unayamba kuuluka. Sitoloyo inkalola aliyense kutsatsa katundu wake. Umatenga linki yakoyako n'kuiika poti anthu aione, ndipo wina akagula kudzera pa linkiyo, sitolo imakupatsako kangachepe. Kwa munthu wamanyazi imeneyi inali ntchito yogwa kumwamba: kugulitsa popanda kuyang'anana ndi wogula.

Pa katundu yense anasankha kasimbi ka nthunzi, kogwira ndi dzanja limodzi, kobiriwira ngati dzira la mbalame. Anali asanakagwirepo. Anangokaona pa chithunzi, kali m'manja mwa mkazi wovala zoyera, ataima pa zenera lalikulu lopanda fumbi.

Phunziro la oyamba kumene, limene sitoloyo inatumiza pa foni yake, linanena momveka za makina olemba aja amene anthu amangoti AI. Linati makinawo ali ngati mlendo waulemu: kwanu sakudziwa, koma safuna kukukhumudwitsa, ndiye ukamusiyira mpata amadzaza ndi zopeka. Linati uwauze kuti ndiwe yani, ukulembera yani, chinthucho chimatha chiyani ndipo chimalephera pati, kenako uwaletse kuwonjezera zimene sunawauze.

Masana ena, mayi ake atapita kukagula sopo, Namaloto anakhala pa mulu wa mabulangete n'kuyamba kulemba. Analemba kuti, "Ndine wosita zovala." Anawayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Anamva ngati makinawo aona zipsera za simbi pa mkono wake, amva fungo la sopo ndi thukuta, aona ndowa yokhala pansi pa denga lodontha. Anachita manyazi ndi chinthu chopanda maso. Anafufuta, n'kulemba mzere umodzi wokha: "Lemba mawu okoma otsatsa kasimbi ka nthunzi."

Mawu anatsika pa foniyo ngati mvula yowaza. Anawerenga, n'kulembanso kuti, "Kometsa." Anabwera ena okoma kuposa oyamba. Kenako, pokumbukira kuti anthu amene amawadziwa ndi a nsalu okhaokha, anawonjezera kuti, "Anthu ogwira ntchito ya nsalu akakonde." Makinawo anamvera, monga amachitira. Analemba kuti:

"Tsekani maso. Ganizirani m'mawa wopanda makwinya, mtambo waung'ono uli m'dzanja lanu. Kasimbi aka kamapuma pa nsalu, nsalu n'kugona. Kamagoneka misoko ya nsalu yolimba ndi kukoka mzere wa thalauza ngati simbi ya telala, popanda kutopetsa mkono."

Namaloto anatsekadi maso. Kachipindako kanakula, denga linasiya kudontha, iye anali mkazi wa pa zenera lija. Koma mikono yake inkadziwa kanthu kena. Inkadziwa kuti mzere wa thalauza umafuna kulemera, umafuna chitsulo chotentha ndi phewa lokanikiza, ndipo nthunzi yokha siingaukoke. Anaganiza zochotsa chiganizocho. Atachichotsa, mawuwo anaoneka ngati munthu wogweluka dzino lakutsogolo. Anachibwezera.

Shopuyo inali ndi gulu la pa foni la makasitomala, limene Namaloto ankalembamo kuti zovala za uje zatha. Gululo linali m'dzina la mayi ake. Anaika mawu aja mmenemo, linki pansi pake.

Mawa lake Amayi a Simbi anamva nkhaniyo kwa kasitomala. Atatuluka munthuyo, anafunsa osasiya kupinda shiti.

"Akuti tayamba kugulitsa mitambo?"

"Ndi kasimbi chabe, amayi."

"Wakagwirapo?"

"Ndakaona pa chithunzi."

"Chithunzi chinasitapo malaya a ndani? Chotsa zimenezo mpaka utakagwira."

"Chabwino, amayi," anatero Namaloto, maso ali pansi. Koma sanachotse. Pansi pa mawu ake anthu anali ataika timitima tofiira, ndipo mayi wina anali atalemba kuti, "Koma ndiye mumalemba bwino!" Chibadwire palibe amene anamuuzapo zimenezo. Anati achotsa mawa.

Kuseri kwa khoma, telala anali pa mpanipani. Anali bambo wachikulire wa magalasi omangirira ndi ulusi, amene Namaloto ankawatcha amalume ngakhale panalibe ubale. Hotela yatsopano inali itawapatsa mathalauza makumi awiri ndi anayi a operekera zakudya, oti atengedwe Lachisanu masana. Akasangalatsa eni ake, ntchito yonse ya hotelayo idzakhala yawo. Lolemba simbi yawo yakale inafa, inangotulutsa kafungo n'kuzizira. Anali atavala kale chipewa kuti akagule ina, pamene anaona mawu aja pa foni.

Namaloto anawamva kudzera pa khoma akuuza munthu wina kuti, "Ngati zanenedwa ndi Amayi a Simbi, ndikafunsenso kwa ndani? Akuti kafika Lachisanu m'mawa. Ndisokeretu zonse, kusita ndi ntchito ya ola limodzi."

Nthawi yomweyo foni yake inalira kumuuza kuti munthu woyamba wagula kudzera pa linki yake. Chimwemwe ndi mantha zinalowera pa khomo limodzi. Kuchoka pa tebulo lake kukafika kwa atelala panali mapazi asanu ndi awiri. Lachiwiri anayenda atatu n'kubwerera. Lachitatu anafika pakhomo penipeni, atelala n'kukweza maso.

"Mwana wa achemwali, ukufuna chiyani?"

"Ndimati ndibwereke choko, amalume."

Anabwerera ndi choko m'manja. Lachinayi anadziuza kuti mwina makinawo akudziwa zimene iye sadziwa, pakuti anawerenga mabuku ambiri kuposa iye.

Lachisanu m'mawa katundu anafika. Patapita kanthawi, mawu a atelala anamveka pa khonde lonse.

"Achemwali! Tabwerani mudzaone mdzukulu wa ketulo!"

Amayi a Simbi anapita, Namaloto akutsatira kumbuyo ngati mthunzi. Pa tebulo panali thalauza lakuda, lonyowa, misoko yake itatukumuka ngati milomo ya munthu wokwiya. Kasimbi kaja kanali m'dzanja la atelala, kokongola kuposa pa chithunzi, kakupuma tinthunzi tating'ono.

"Kakungoyetsemula," anatero atelala. "Ndakanyengerera, ndakaopseza, mzere ayi ndithu. Galimoto ya hotela ifika folo koloko." Anatulutsa foni. Kuseka kunali kutawathera. "Awa si mawu anu?"

Amayi a Simbi anabwereka magalasi a atelala n'kuwerenga pang'onopang'ono mpaka pa mzere wa thalauza. Sanatembenuke kuyang'ana mwana wawo.

"Dzinali ndi langa," anatero. "Mawuwa si anga."

Ulendo uno kunalibe choko choti Namaloto abwereke.

"Ndine, amalume. Analemba ndi makina, koma ndinawatuma ndine. Ndinkadziwa kuti sikangakoke mzere."

"Unawauza chiyani makinawo?"

"Ndinati alembe zokoma."

"Basi?"

"Ndinatinso akometse."

Atelala anakhala pansi pa mpando wawo, n'kuvula tepi imene inali m'khosi. "Mwana iwe, munthu akalowa muno n'kunena kuti ndisokereni chokongola, koma osalola kuti ndimuyeze, osandiuza ngati akupita ku ukwati kapena ku maliro, ndimusokera chokongoladi. Koma akachivala, asadzati telala ndi mfiti. Makina akowo unawabisira miyeso, ndiye anasokera munthu wa m'maloto. Tsono amene wavala ndine."

Amayi a Simbi anabweza magalasi aja. Anapita kukazula simbi zawo zonse ziwiri, nsalu yonyowetsa ndi thabwa, n'kutseka chitseko cha shopu yawo dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo pa Lachisanu. Tsiku lonselo anasita mathalauza a hotela, mayi uku, mwana uku, atelala akudula ulusi. Nthunzi inadzaza chipindacho mpaka mababu anaoneka ngati miyezi iwiri m'chifunga, koma Namaloto sanayang'ane m'mwamba ngakhale kamodzi. Ankakanikiza ndi phewa lonse, mzere uliwonse ukutuluka wakuthwa ngati mpeni.

Cha m'ma thu koloko bambo wina amene ankasititsa masuti ake kwa iwo kwa zaka khumi anabwera kudzatenga suti ya ku msonkhano. Namaloto atamutsegulira shopu, bamboyo anaipeza ili pa mulu, yosasita. Anaikoleka pa mkono n'kudzaima pakhomo pa atelala.

"Ndimamva kuti masiku ano mwatanganidwa ndi malonda a mitambo," anatero, n'kumapita. Amayi a Simbi anangoti pepani, n'kupitiriza kusita.

Galimoto ya hotela inafika thalauza lomaliza likadali lofunda. Atelala anapulumuka, koma pang'onong'ono. Bambo wa suti uja sanabwerenso.

Loweruka Namaloto anapempha kasimbi kaja kwa atelala. "Tenga, kasanandiyetsemulirenso," anatero. Anakayesa pa chilichonse chimene chinali m'shopu. Pa katani yopyapyala kanachita zodabwitsa, makwinya anasungunuka katani ili pomwepo. Pa diresi la silika, limene simbi yaikulu imaliopa, kanayenda bwino. Pa jinzi kanalephera. Madzi ake ankatha asanamalize diresi lachiwiri, ndipo ukakapendeketsa kankadontha. Zonsezi anazilemba kuseri kwa katoni ndi choko chija.

Kupepesa m'gulu analemba yekha, popanda makina, m'dzina lake, ziganizo zitatu zokhota. Kenako anakhalanso pa mulu wa mabulangete n'kuwalembera makinawo, ulendo uno osafufuta kanthu:

"Ndine wosita zovala, ndimagwira ntchito ndi amayi anga. Ndikulembera makasitomala athu, ambiri ndi azimayi apantchito amene amatidziwa kumaso. Kasimbi aka ndakayesa ndekha. Kamachotsa makwinya pa makatani ndi madiresi opyapyala. Sikakoka mzere wa thalauza, sikagoneka misoko, si ka atelala. Madzi ake sakwanira madiresi awiri, ndipo kamadontha ukakapendeketsa. Lemba ziganizo zisanu, ngati mmene munthu amalankhulira ndi mnansi wake. Unene kuti wina akagula ine ndimapezapo kangachepe. Usawonjezere chimene sindinakuuze. Ngati pali chimene sukudziwa, undifunse."

Makinawo anamufunsa funso limodzi, ngati kamatenga nthawi kuti katenthe. Anadzuka, anakayesa, anayankha. Mawu amene anabwera analibe mitambo. Anali ngati malaya a kuntchito, osakongola kwenikweni koma okwana. Anawawerengera mayi ake mokweza.

Amayi a Simbi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kulavulira pang'ono pa chala kuyesa simbi.

"Amenewo ndingawavale," anatero. "Koma uike dzina lako. Langa likadali pa waya, likuuma."

Kasimbi kaja kanakhala pa zenera la shopuyo, ndipo dzuwa la m'mawa likakagwera kankawala mpaka odutsa ankaima kufunsa. Namaloto, amene kale ankathawira kuseri kwa mashiti, ankatuluka n'kuyamba ndi kuwauza zimene sikangathe. Nthawi zina, masana kukakhala zii, ankawakumbukirabe mawu oyamba aja, m'mawa wopanda makwinya, mtambo m'dzanja, ndipo ankamukomerabe ngati tsiku loyamba. Koma tsopano ankadziwa kuwang'amba pakati asanapatse munthu, pakuti anali ataona ndi maso ake kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.