Mphete Yoletsa Kuledzera

Ku Roma wakalekale kunali munthu wina wogulitsa mafuta a azitona. Ine kumeneko sindinapondeko, koma ndimakudziwa kuposa obadwira konko, ndingakuuzeni ngakhale galu wa yani ankaluma. Munthuyo ankamwa vinyo. Ndikati kumwa sindikunena zanuzi ayi. Akageya, ntchentche za mumsewu wonse zinkagwa chagada.

Tsiku lina mkazi wake anamuuza, osakweza mawu, kuti akadzabweranso ali dzandidzandi, iye abereka mwana n'kubwerera kwa makolo ake.

Bamboyo ankamukonda ndithu mkazi wakeyo, koma mtsuko ankaukondanso. Tsono Aroma ankati mwala uliwonse wa pamphete uli ndi ntchito yake, ndipo wina wofiirira ngati vinyo, dzina lake ametusto, ankati wouvala pachala saledzera. Bambo uja anaba ndolo zagolide za mkazi wake, zomwe malemu mayi a mkaziyo anamusiyira, napita nazo kwa mmisiri. Zinasungunulidwa, zinasanduka mphete. Mwala wake ngati dzira la nthiwatiwa, moti pokweza chikho ankachita kuthandizira ndi dzanja linalo.

Kale ankamwa ali ndi mantha pang'ono, ndipo manthawo ndiwo ankamubweza kunyumba akuyenda yekha. Tsopano mantha anatha. Anamwa mpaka mwini vinyo anatseka chifukwa chosowa chothira. Dzuwa lili pamutu, anzake anamunyamulira kwawo pachitseko ngati maliro.

Mkazi anayang'ana mwamuna, anayang'ana golide wa pachala, analowa m'nyumba n'kutsegula kabokosi kake. Munalibe kanthu. Sanalire. Anabereka mwana, ulendo.

Kutacha, bamboyo anathamangira kwa mmisiri kukalalata kuti anamupatsa mwala wakufa. Mmisiri sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo, mwalawo uli pachala. Nanga vinyoyo mumamwera pachala?"

Abale anga, ndalalikira anthu ochuluka kuposa mchenga, ndipo munthu ameneyu ndimamuona Lamulungu lililonse. Wakhala pomwepo. Mtanda uli pakhosi, Baibulo lili kunkhwapa, yunifolomu yachita kuwala, koma tchimo lija sanalisiye, wangoligulira chovala. Choipitsitsa n'chakuti kale chikumbumtima chinkamuluma, lero akuti ndine wotetezedwa. Chopatulika chimene wavala kuti upitirize tchimo sichikutchinjiriza, chimangokuchotsera mantha okhawo amene akanakupulumutsa. Mulungu sanapemphe chala chako. Akufuna pakamwa pomwe pakulowera zoipazo, ndipo akamadikira, kunyumba kwako wina akumanga kale katundu.