Kansomba ka Pansi pa Mwala

Jafali anafika kwa Shehe Ndembo patangotha sabata akuchikazi atamusudzula. Mkazi wake anali atamwalira n'kusiya ana atatu, ndipo mwambo unamulola kubwerera kwawo. Ine ndinalipo tsikulo. Ndinamumvera chisoni, komabe ndinaona kuti mkuluyu anabwera ndi yankho lake kale m'thumba, ankangofuna womuvomereza.

Anatipeza kumtsinje, Shehe atapinda manja a mkanjo kuti atawaze, ndiko kusamba kokonzekera mapemphero.

"Assalamu alaikum, Shehe. Andiitana kutauni kukapitiriza maphunziro a Chiarabu. Anawo ndi a kuchikazi, atsala ndi agogo awo. Kodi munthu wophunzira ngati ine athere moyo pa kusambitsa ana?"

"Wa alaikum salaam, Che Jafali. Agogowo maso akuona?"

"Pang'ono chabe."

Shehe analowa m'madzi olekeza m'akakolo, natukula mwala pang'onopang'ono. Pansi pake panali kansomba kosapitirira chala, kamutu waukulu, maso ali pamwamba, khungu lamawangamawanga ngati mchenga umene kanagonapo. Zipsepse zake zapachifuwa n'zolumikizana, ndipo kamamatirira nazo pamwala madzi akamathamanga. Kunsi kwa mwalawo kunali timazira tambirimbiri.

"Kathawa kodi?" anafunsa Shehe.

"Ayi, kangosendera pang'ono," anayankha Jafali.

"Kakakazi kanaikira n'kupita. Aka ndi kakamuna. Kamakhala pompano, kukupiza madzi ndi zipsepse kuti mazira asaole, kudya kwake kwapatalipatali, mpaka aswe. Dzanja langa kakuliopa, koma taonani, sikakuchoka."

Jafali anaseka chamumtima, nkhope ili gwa. "Pepani Shehe, ine si nsomba. Mabuku ndawerenga."

"Mwawerengadi, mwana wanga, ndipo ena mwandiposa. Otsalawo bwerani tizidzawerengera limodzi pakhonde panga, Allah akalola."

Anabwezera mwala uja mosamala, monga momwe anaupezera, natuluka m'madzi. Kenako anamuyang'ana Jafali m'maso.

"Kansombaka sikanatsegulepo buku, koma chimene Allah anakasungitsa kakuchidziwa. Akuchikazi akusudzulani kwa malemu akazi anu, ndipo achita mwa mwambo wawo. Koma pa Tsiku la Chiweruzo, mukadzafunsidwa za ana atatu aja, mudzamutchula ndani kuti ndiye anakusudzulani kwa iwo?"