Lamba wa Fisi

Kalekale, koma osati kale lenileni poti magalimoto analipo, kuphiri kuja kosungirako nyama kunali Chinkhoma, kambawala kakang'ono kamene lero mumakaona pamiyala. Masiku amenewo ankakhala kudambo, kumsipu, ngati anzake onse. Ana inu khalani chete, ndipo akuluakulu musaseke msanga, nkhaniyi ndi ya misozi.

Chinkhoma ankati akabereka, Fisi n'kudya. Kuberekanso, Fisi n'kudya. Chowawa kwambiri, Fisiyo akadya ankabwera kudzapepesa maliro, pakamwa pali noninoni, n'kumalira kuposa mwini mwana.

"Pepani mlamu," ankatero. "Anali mwana wabwino. Ndikudziwa ine."

Mapeto ake panatsala kamwana kamodzi, kakakazi. Fisi anakayang'ana, malovu ali chuchuchu. "Kayambe kanenepa. Mvula ikagwa ndidzabwera kudzakazonda."

Chinkhoma anakadandaula kwa Ntchefu. Ntchefu anati, "Ine ukulu wanga ndi wa thupi lokha." Anapita kwa Mbidzi. Mbidzi anati, "Alendo akutijambula, mubwere mawa." Mayi uja analira mpaka misozi inauma.

Tsiku lina akudya kumalire a paki, anaona msampha wa waya uli yasa pampita. Anautchera ndi anthu opha nyama mozembera. Anauyang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera osauza aliyense.

Mvula itagwa, Fisi uyu watulukira. "Odi mlamu! Ndabwera monga tinapanganirana."

"Katengeni, achimwene, ine kulira kwanditopetsa," anatero Chinkhoma. "Chondimvetsa chisoni n'chakuti mukadya ngati nyama wamba. Njovu mwamuona? Agemu osamala paki anamuveka lamba pakhosi. Kulikonse wapita, galimoto ili pambuyo, alendo ali kalikiliki kujambula. Inu khosi lili mbee, ngati galu wopanda mwini."

Fisi anadzigwira pakhosi, mtima n'kumupweteka. "Malambawo amagawira kuti?"

"Wanu alipo kale pampita paja. Amangosiya kuti akuluakulu azivala okha."

Anapita onse awiri. Fisi analowetsa mutu. Khwee!

"Mlamu, wathina."

"Watsopano amatero. Kokani, amasuka."

Fisi anakoka, waya n'kuthina. Anakokanso, waya n'kuthinanso. Maso tong'o, lilime lende. Tsiku limenelo Chinkhoma anadya msipu osacheuka, koyamba chibadwire.

Koma mayi wosaukayo anaiwala chinthu chimodzi. M'paki nyama zonse ndi za boma, yodya ndi yodyedwa yomwe. Agemu poyendera malire anamupeza Fisi akupumira m'mwamba. Anamubaya jakisoni wogonetsa, anadula waya, anapaka mankhwala pabala. Anakamusunga m'khola akumudyetsa nyama ya mbuzi, yosendasenda. Atachira anamuveka lamba weniweni kuti azidziwa kumene ali, n'kudzamutula padambo lomwe lija.

Fisi anafika kwa Chinkhoma atanenepa, khosi lili gwa chifukwa cha matama.

"Mlamu, munanena zoona! Amathinadi poyamba. Ndabwera kudzathokoza. Kamwana kaja kali kuti? Tikadye pachisangalalo, alendo ajambule."

Chinkhoma anakankha mwana wake, liwiro la mtondo wadooka, phaphapha pamiyala mpaka pamwamba pa thanthwe. Fisi anayesa kukwera, mimba n'kumukokera pansi. Kuyesanso, khu! chagada. Anakhala pansi pa thanthwelo n'kumafuula kuti, "Palibe changu, mlamu, ine ndili pompano."

Mwana anapulumuka, inde. Koma kumwambako kulibe msipu, madzi ake ndi mame, mphepo yake yolowa m'mafupa. Mpaka lero Chinkhoma amaima ndi nsonga za ziboda kusuzumira kudambo kumene anabadwira, kuli biriwiri, Fisi akuyenda monyang'wa galimoto ili pambuyo.

Mwana uja amafunsa, "Amayi, tidzatsika liti?"

"Fisi akadzafa."

"Adzafa liti?"

"Ali ndi dokotala, mwanangu."

Nthano yanga yaduka pamenepa. Kaphuleni mbatata, ngati Fisi wakusiyiraniko. Ndipo inu amene mukuseka kumbuyoko, musanatchere mdani wanu msampha, muziyamba mwafunsa kuti akumulera ndani.