Bowa wa Kunsi kwa Ulalo

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, mseu usanadutse, munali munthu wina dzina lake Kamphinda. Nkhani yake anandiuza ndi malemu mayi anu. Kamphindayo anali mkamwini, wobwera kudzakwatira, ngati ine ndemwe. Ndipo mkamwini mukudziwa mmene mumamuonera: khasu lake mumalifuna, mawu ake ayi.

Mkazi wake anali Nangondo, ndipo chaka chimenecho anali ndi pakati poyamba. Dimba lawo linali kutsidya kwa mtsinje. Powolokera panali ulalo wa mtengo umodzi, umene anaugoneka a Gwaza, atsibweni a Nangondo. Pansi pake miyala yokhayokha.

Tsiku lina Kamphinda anatsikira kumadzi kukanola chikwanje. Podzutsa mutu anaona kunsi kwa ulalo kwayera. Inu mukanati ndi ndere, si choncho? Ndere iye ankazidziwa: zimakhala pamwamba pa khungwa, zotuwa, ukazipala mtengo uli gwa. Izi ayi. Izi zinamata kunsi, kumthunzi, ngati nkhanambo pachilonda. Zopanda phesi, zopanda chisoti. Pakati pachikasu, m'mbali timizu toyera ngati thonje. Ananunkhiza: fungo la bowa. Anapala ndi chikhadabo: mtengo kufumbutuka ngati gaga wonyowa.

Anapita kwa a Gwaza, nanjuta.

"Apongozi, ulalo uja wawola m'kati. Kunsi kwamera bowa wopanda phesi."

"Bowa? Ndiye kazuleni tidyere, akamwini! Bowa wopanda phesi munamuona kuti? Kwanu?"

"Ameneyu sadyedwa. Akudya mtengo."

"Mtengo umenewo ndinaugwetsa ndine, inu musanamere ndevu. Musaukhudze."

Nanga mkamwini angadule ulalo wa eni mudzi? Sangadule. Nanga angatsekere mkazi m'nyumba, mpiru ukuuma kudimba? Sangatero.

Mmawa mwake atafika pamtsinje, Kamphinda anaika khasu pansi.

"Nangondo, bwera ndikunyamule."

"Inu, anthu akuona!"

"Aone."

Anamunyamula m'manja nawoloka naye, madzi a m'chiuno. Popita kunyamula, pobwera kunyamula. Lero kunyamula, mawa kunyamula. Amayi ochapa pamiyala ankafa ndi phwete: "Nangondo, bulu ameneyu unamutola kuti? Utibwerekeko!" Nangondo ankangobisa nkhope pakhosi pa mwamuna wake.

A Gwaza zinawapweteka. Tsiku lina anawadikira ataima pakati pa ulalo.

"Nangondo, mwana wa mlongo wanga, dzera pano. Ukundichititsa manyazi."

Nangondo anayang'ana atsibweni ake, anayang'ana mwamuna wake.

"Pepani atsibweni. Sindili ndekha m'thupi muno."

Atatero anakweza manja kuti Kamphinda amunyamule.

"Wawola? Uwu wawola?" A Gwaza anaponda ndi chidendene, kamodzi, kawiri. Kachitatu phazi lonse linalowa mumtengo mpaka m'kakolo. Munthu wamkulu uja anabwerera chokwawa ngati mwana, Kamphinda ali m'madzi pansi pake, manja atatambasula kuti akagwa awawakhe.

Kupepesa sanapepese. Anthu a mtundu wanu sapepesa, ndakhala nanu ndikukudziwani. Koma kutacha anafika pakhomo nkhwangwa ili paphewa.

"A Kamphinda, tiyeni mukandilozere mtengo wabwino."

Dzina limenelo anali asanalitchulepo chifikire munthuyo.

Mwana uja anabadwa wamkazi. Ndiye anabala agogo a mayi anu. Mwamva? Nonsenu munawoloka mtsinje umenewo m'manja mwa mkamwini.

Ine sukulu ndinalekera sitandade folo. Mukandiona ndagwada, ndikusuzumira kunsi kwa mitanda ya nkhokwe, mumatsinana n'kumaseka. Sekani, mano ndi anu. Koma pabanja pano mpaka lero mtengo sitiukhulupirira poona pamwamba. Timagwada, timanunkhiza, timapala ndi chikhadabo.

Tsono iwe Naliyera, mmene ulilimu, mawa usadzere pa ulalo wa kuchigayo. Ndinasuzumira dzulo. Ukauze mwamuna wako. Manja ali nawo.