Mipando Yosafanana ya Twaibu

A Idrisa Kalanje anafika kwa Shehe Abasi Mkwanda masana, anthu atangomwazikana ku swala ya Zuhuri, pemphero la masana. Ine ndinali pakhonde pomwepo, chifukwa ndimaphunzitsa madrasa pa mzikitipo, ndiye zonse ndinazimva ndi makutu angawa.

A Kalanje ndi mwana wa kuno ku Ntaja, koma amaphunzitsa za kapangidwe ka nyumba pa koleji ina ku Blantyre, ndipo analemba buku la mfundo zawo. Mutu ali nawo, chimenecho sitingawalande. Vuto lawo ndi loti wina akayamikiridwa iwo ali pomwepo, nkhope imachita ngati aluma ndimu.

Chaka chimenecho komiti ya mzikiti inkafuna kumanga malo atsopano opangira wudhu, pomwe timasamba tisanaswali. Mapulani anabwera awiri, ina ya a Kalanje, ina ya Twaibu Nyenje, amene anadutsa m'manja mwawo ku koleji komweko. Komiti inakonda ya Twaibu, ndipo chinatsala n'chakuti Shehe avomereze. Kwa Twaibu iyi inali ntchito yoyamba chimalizireni sukulu. Shehe akanangopukusa mutu, zake zikanathera pomwepo.

Atapatsana salamu, a Kalanje anati: "Shehe, ndabwera ndi funso la maphunziro. Si za ine ayi."

Munthu akayamba choncho, dziwani kuti nkhaniyo ndi ya iye.

"Funsani, a Kalanje," anatero Shehe. "Chimene sindikuchidziwa ndinena kuti sindikuchidziwa."

"Kodi ntchito ingaime popanda mfundo? Ife timati kafukufuku, kaphunzitsidwe ndi kamangidwe, zonse zitsamire pa mfundo za kapangidwe. Tsono taonani za mnyamata uja. Mipando ina yaitali, ina yaifupi, mipopi yosafanana, chitsulo chogwirira pakhoma ngati kuchipatala. Dongosolo lili pati pamenepo? Mukavomereza zimenezi, anthu ati zomwe timaphunzitsa n'zachabe, aliyense azingojambula zomwe walota."

Ine mtima unayamba kuwira, poti Twaibu ndinamuphunzitsa kuwerenga Qur'an ali wamng'ono. Koma Shehe anangosisita ndevu, nati: "Za kumanga ine ndine mbuli. Tandiphunzitsani. Mfundo yoyamba imene mumawauza ophunzira anu ndi iti?"

A Kalanje anadzikonza pampando, poti apa tsopano tinali m'munda mwawo. "Ndimawauza kuti: usanajambule mzere, pita ukamuone munthu amene adzagwiritse ntchito malowo."

"Mawu okoma. Nanga inu munabwera kudzatiwona?"

"Shehe, ine ndinakulira mumzikiti muno. Wudhu ndimaudziwa."

"Mumaudziwa wa mawondo anu, amene Allah wawasungabe bwino," anatero Shehe mofatsa. "Twaibu ankabwera Lachisanu lililonse kwa kanthawi ndithu, n'kukhala pansi pa mango apo. Anaona akuluakulu akulephera kukweza phazi kuti alitsuke, ena atakoleka dzanja paphewa la mnzawo kuopa kuterereka. Anaona ana akunyanyamphira mpopi mpaka kanzu yonse kunyowa. Mbali ya amayi anapempha mlongo wake kuti akamuonere. Mipando yakeyo ndi yosafanana chifukwa ifeyo ndife osafanana."

A Kalanje anafuna kulankhula, koma Shehe anakweza dzanja pang'ono.

"Pali chinanso. Mukudziwa mwambo wathu pa maphunziro a Dini, chipembedzo chathu. Munthu akanena chinthu amatchula amene anamuphunzitsa, ndipo winayo amatchulanso wake, kuti chidziwike kumene chachokera. Twaibu anachita chomwecho. Komiti itamuyamikira, iye anati, 'Izi ndinazimva kwa a Kalanje.' Palibe anamufunsa."

Ndinayembekeza kuti bamboyo akondwera, koma nsanje ndi matenda oipa, imakana ngakhale mphatso. Chimene anabisa chifikireni chinatuluka chokha.

"Ngati mfundozo ndi zanga, bwanji sanasankhe pulani yanga? Mwana wadzulodzulo, amene ndinamuphunzitsa kugwira rula, ndiye dzina lake lizitchulidwa pa mzikiti umene bambo anga anaumbira njerwa?"

Apa mkwiyo wanga unasanduka chisoni. Munthu wamkulu ndithu, imvi zili mbuu, kulirira pamalo pamene anthu amatsukira mapazi.

Shehe anawathirira tiyi, nadikira kuti amwe kaye. Kenako anati:

"Munandifunsa ngati mfundo zinganyamule kafukufuku, sukulu ndi ntchito. Zanuzo zanyamula. Mnyamata anaziphunzira kwa inu, anafufuza nazo, ndipo nkhalamba zathu zidzatsuka nazo mapazi zosagwa. Ndikakana pulani yake, ndiye kuti ndakana mboni yokhayo imene buku lanu lili nayo kuno. Choncho ndivomereza, insha Allah. Mfundo zanu zakhoza mayeso, a Kalanje. Amene watsala kuti akhoze ndi mwini wake wa mfundozo."